Makina Awiri pa Baraka la Shyreen

Lucinda anaumirira kupita nawo. Fernando anayesa kumubweza. Anati ulendo ndi wautali, njinga ndi imodzi, tayala lakumbuyo latha. Lucinda sanatsutse. Anangomanga chitenje chake cha ku gereja, chopitira ku Misa, n'kukaima pafupi ndi njingayo.

"Fodya tinalima tonse, bambo a Milton. Makinawo tikasankhanso tonse."

Basi, ananyamuka.

Fernando anali wojambula zithunzi wa dera lonse la Nsadzo. Ubatizo, ukwati, mwana woyamba sikola, ng'ombe yogula kumene, onse ankaitana iye. Makina ake anali akale aja, a rolo ya filimu. Rolo ikadzaza ankaipatsira woyendetsa shapa, kaminibasi kaja, kuti akatsukitse ku Tete. Zithunzi zinkabwera eni ake ataiwala. Zina mdima wokhawokha. Zina mkwatibwi alibe mutu. Anthu ankang'ung'udza, koma ankalandira. Akanapita kwa yani?

Kenako kunatulukira Teodoro wa ku Mualadzi ndi makina opanda rolo. Akakujambula amatembenuza, iwe n'kudziona pompo. Waphethira? Afufuta, ajambulanso. Amayi a kwaya anasamukira kwa Teodoro tsiku limodzi. Ndipo ubatizo waukulu wa ku parokya unali pafupi. Fernando anati ukamupeza akadali ndi rolo m'manja, ntchito yatha.

Vuto linali limodzi. Makina oterowo pa Cassacatiza, pamalire a Zambia, ankagulitsa munthu mmodzi yekha. Shyreen.

Shyreen anali msuweni wa Fernando, mwana wa amalume ake. Anakulira limodzi ku Ukwimi, ku Zambia, nkhondo ili mkati. Mjigo umodzi, kalasi imodzi, mzere umodzi wolandirira ufa. Mtendere utabwera, Fernando anakwera lole ndi makolo ake kubwerera kwawo. Shyreen anatsala, anakwatiwa ku Katete. Ukwatiwo unatha chaka chatha, nayenso anabwerera. Koma kumudzi sanafike. Anaima pamalire penipeni, n'kutsegula baraka, kasitolo kake. Mwendo umodzi kuno, wina uko.

Lucinda ku Ukwimi sanapondeko. Iye nkhondo anaithawira ku Tete, kwa azakhali ake. Za ku Ukwimi ankangomva, ndipo anatopa nazo. Awiriwo akakumana pamaliro kapena paukwati, ankayamba. Ukukumbukira mphunzitsi uja? Ukukumbukira tsiku la njuchi lija? Kuseka mpaka misozi. Lucinda ali apo, mbale m'manja, ngati mlendo.

Kudandaula sakanatha. Chisuweni ndi chisuweni. Msuweni amatchula mwamuna wako kuti amuna anga, iwe uli pomwepo. Amamulanda chipewa, amamupisa m'thumba. Ukakwiya, anthu amaseka iweyo. Amati sunaleredwe. Lucinda ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso maukwati angapo pa Nsadzo amene anayamba ndi nthabwala zomwezo.

Panjira Fernando ankaimba mluzu. Anali atameta ndevu. Anavala malaya amizere aja, amene amati ndi a Khirisimasi. Lucinda, ali kumbuyo kwa njinga, ankamva fungo la sopo wabwino pakhosi pake. Kukagula makina kumafuna sopo wabwino? Pa zitunda ankatsika n'kumakankha, aliyense ndi maganizo ake.

Anafika pa Cassacatiza dzuwa lili pamutu. Makamiyawu onyamula katundu ali ndondondo kudikira mapepala. Fumbi, fungo la mafuta, osintha ndalama akuitanira. Oyendetsa atagona pansi pa magalimoto awo. Baraka la Shyreen linali lopaka buluu. Mawailesi, matochi, mafoni, mawigi. Kuseri kwake kajeradori ka magetsi kofiira, kali zii.

"Amuna anga!" Shyreen anatuluka manja ali m'mwamba. Buluku lothina, milomo yofiira. "Mwakumbukira lero kuti muli ndi banja pano? Aa, mwandibweretseranso mkazi mnzanga. Mwachita bwino. Akhale apa wamng'onoyu, watopa."

"Wamng'ono ndiwe," anatero Fernando. "Wabwera dzulodzuloli."

"Ine? Ndinayamba kukuchapira makabudula ku Ukwimi ukadali kunyowetsa mphasa. Mulamu, amakuuzani zimenezi?"

Lucinda anaseka. Mano okha. "Muli bwanji, alamu?"

"Tilipo, mwandi. Kungosowa chikondi."

Anagwirana chanza. Dzanja la Shyreen linali lofewa, zikhadabo zopaka. La Lucinda linali likadali ndi utomoni wa fodya m'ming'alu. Analibweza msanga.

Shyreen anatulutsa makina awiri n'kuwaika patebulo. Oyamba anali asiliva, opyapyala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Achiwiri akuda, onenepa, otupa mbali imodzi. Mitengo sinasiyane kwenikweni.

"Iyi ndiye kamera," anatero, akusisita asilivawo. "Uyo ndi chule. Anandisiyira dalaivala wina, sindidziwa chimene ndinamulandirira."

Fernando anapukuta manja pabuluku asanawagwire. Lucinda anaona. Anayesa kukumbukira tsiku limene mwamunayo anapukuta manja asanagwire iye. Sanalipeze.

Shyreen anadina. Kadiso ka makinawo kanatuluka kokha, kakulira ngati udzudzu. Anajambula Fernando, n'kutembenuza. Koma dzuwa linali lowala, pa kagalasi sipankaoneka kanthu. Anatchinga ndi dzanja. Fernando anawerama. Shyreen anawerama. Mitu inakumana. Wigi inakhudza khutu la Fernando, ndipo Fernando sanasunthe.

"Taona imvi izo! Wakalamba, mwamuna wanga. Ndikusiya."

"Imvi zili kuti? Ndi fumbi limenelo."

"Dikira ndikokere pafupi. Ukuona? Fumbi limamera? Kamera iyi sinama, iwe. Imaona kuposa ya Teodoro wakoyo."

Makina akale sankatero. Wojambulidwa ankaima uko, wojambula kuno, pakati pali mpata woti ngolo n'kudutsa.

Lucinda anatsokomola. "Kodi amadya chiyani makinawa?"

"Batire ili mkati. Yotchaja. Simugula kanthu."

"Ikatha?"

"Mutchaja."

"Kwathu magetsi kulibe, alamu."

"Nanga ine ndafa?" Shyreen analoza kuseri ndi chibwano. "Jenereta iyo. Azibwera kuno amuna anga. Ulere. Imachedwa kudzaza, ndiye azikhala, ndiziwaphikira. Kukawadera azigona. Si pakhomo pawo?"

Fernando anaseka mpaka kugwira tebulo. Lucinda anasekanso. Anaona zonse bwinobwino. Sabata iliyonse njinga, msewu uno, baraka ili. Jeradori ikulira kuseri, chitseko chotseka chifukwa cha fumbi. Ukukumbukira, ukukumbukira. Ndipo iye ku Nsadzo, akuuza anthu kuti bambo apita kukatchaja.

"Nanga akudawa?"

"Chuleyo? Amadya mabatire a tochi, ang'onoang'ono aja. Amameza ngati nkhumba."

Mapilya. Mapilya ali pa kabaraka kalikonse ku Nsadzo. Ngakhale wogulitsa mchere ali nawo.

Lucinda anatenga akudawo. Anali olemera, odzaza dzanja. "Bambo a Milton, awa sakuoneka olimba? Njinga ikagwa, asilivawo angapulumuke?"

"Teodoro ali ndi asiliva."

"Teodoro ali ndi mkulu wake wa sola yotchajira."

"Nditulutse chule pamaso pa a padiri? Anthu aziti chiyani?" Sanamuyang'ane n'komwe. "Za makina tisiyire ife, amake Milton."

Ife. Ife ndani?

Lucinda anatuluka, ati akamwe madzi. Anaima pamthunzi wa kamiyawu. Chonena chinalipo, koma chosaneneka. Akati, sindifuna muzibwera kuno, pofika madzulo malire onse adziwa kuti mkazi wa Fernando akuchitira nsanje msuweni. Shyreen azikaisimba pamaliro alionse, akutsanzira mawu ake. Ndipo makina asilivawo agulidwabe.

Kutsidya kwa msewu kunali mzere wa amayi ogulitsa. Nthochi, mtedza, mbatata yootcha, nsomba zouma. Ambiri chikhalire, ogula kulibe, akungoingitsa ntchentche. Lucinda anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako analowa m'baraka loyandikana, anagula mapilya, anawabisa m'chiuno. Anabwerera akumwetulira.

"Alamu, bwanji tiwayeseko pa anthu makinawa tisanagule? Nkhope ya bambo a Milton yokha sitingadziwire."

"Yesani tsiku lonse," Shyreen ananyada. "Iyi ndi yeniyeni."

Lucinda anaima pakhomo. Mawu anali nawo, a kwaya. "Amayi! Foto yaulere! Mudziona pompano!"

Anabwera ngati nkhuku zaona gaga. Woyamba anali Custódia wa nthochi, mayi wathupi, mawu ngati lipenga. Anaima njo, manja m'chiuno. Fernando anadina, anatembenuza.

"Aa-aa, ndine ameneyu? Khosi lili kuti? Fufutani, bambo. Jambulaninso. Dikirani ndikokere mimba."

"Mimba imeneyo sikokeka, Custódia!" anakuwa wa nsomba.

"Tseka pakamwa iwe, nkhope ngati katundu wakoyo."

Aliyense anafuna kawiri. Aliyense anafuna kudziona, kenako kuona mnzake, kenako kudzionanso. Wina anathamanga kukabwereka duku. Wina anati amujambule akuwerenga nyuzi, ngakhale anaigwira chozondotsa. Lucinda ankathandiza ndi mtima wonse.

"Pamthunzi nkhope zikuda, bambo a Milton. Yatsani kamphezi kaja."

Kamphezi kanayaka.

"Kokerani pafupi, aone ndolo zawo. Bwezani. Kokeraninso. Aonetseni anzawowa, sanaone."

Za makina sankadziwa. Koma tochi ankaidziwa. Ukaisiya ikuyaka, sichedwa kufa.

Chimene sanakonzekere ndi Shyreen. Shyreen analowa pakati, n'kuyamba kukonza anthu. Uyu chibwano m'mwamba, uyo dengu pamutu. "Fernando, gwada apa, dzuwa likhale kumsana. Ayi, chitsiru iwe, apa." Ankamukoka malaya, Fernando n'kutsatira. Osafunsa. Ankamvana ndi maso okha. Wina akayamba mawu, mnzake n'kumaliza. Lucinda anali asanamuonepo mwamuna wake akugwira ntchito chonchi. Wopepuka, thukuta lili kamukamu, akuseka ngati mnyamata.

Woyendetsa kamiyawu wina, atajambulidwa atatsamira tayala, anagwira Fernando dzanja.

"Muli ndi mkazi wochenjera, achimwene. Musamutaye."

Ankaloza Shyreen.

"Muwauze, bambo!" anakuwa Shyreen. "Sandiyamikira."

Munthuyo anatembenukira kwa Lucinda. "Nanga inu mayi, simujambulitsa? Ndi ulere."

"Ndajambulitsa kale," anatero Lucinda.

Anakakhala pa benchi. Mapilya ankamubaya m'chiuno. Anayamba kuopa. Nanga batireyo ikapanda kutha? Ndiye kuti waitana yekha msika wonse kudzaona mmene awiriwa amayenerana. Kamphezi kankangoyaka, kankangoyaka. Makina a satana, osatopa.

Custódia anali atasowa. Anatulukiranso atanyamula mdzukulu wake wakhanda, wosambitsidwa, wodzozedwa mafuta, atavekedwa kadiresi koyera. Anthu anapatuka.

"Uyu ndiye mumujambule bwino. Bambo ake ali ku Joni, sanamuonepo."

Anakhala pampando. Anakonza kachipewa. Mwana anayang'ana kumwamba, anayang'ana anthu, kenako mwamwayi anaseka.

"Pompano! Pompano!"

Fernando anadina. Makina analira, pii pii. Kadiso kanabwerera mkati. Kagalasi kanada bii.

Anadinanso. Anagwedeza. Anapukuta pamalaya. Zii.

"Batire," anatero Shyreen. "Mwaigwiritsa ntchito kwambiri."

"Yatsa jeradori," anatero Fernando.

"Mafuta abwera madzulo."

"Madzulo?" Custódia anaimirira. "Ndasiya nthochi zanga ndi mbuzi, ndasambitsa mwana ndi madzi ogula, mukuti madzulo? Makina anjala ngati amenewa mwawatola kuti?"

"Teodoro wa ku Mualadzi akanajambula," wina anaponya ali kumbuyo.

Anthu anaseka. Mwana anayamba kulira.

Fernando anangoyang'ana kagalasi kakudako. Lucinda ankadziwa chimene akuona. Mzere wa makanda pakhomo la gereja, onse ovala zoyera. Amayi ndi makandulo m'manja. Iye pakati, akugwedeza sopo wakufa.

Lucinda anadzuka mosafulumira. Anapisa m'chiuno, anaika mapilya patebulo.

"Ndinagulira tochi ya kunyumba. Kapena muyese chuleyu?"

Fernando anatsegula kachitseko ka pansi, analowetsa. Makina akuda anazengereza, anang'ung'udza, kenako anatsegula diso. Mwana anali akulira ndithu, kukamwa kuli yasa. Fernando anajambula momwemo. Custódia anasuzumira. Kenako anaseka mpaka kugwira bondo.

"Bambo ake enieni! Ndi mmene amaliriranso akaledzera. Imeneyi musafufute."

Anthu atabalalika, Fernando anakhala nthawi ndi makina asiliva m'manja. Anawatembenuza uku ndi uku. Anawaika pansi pang'onopang'ono, ngati akugoneka mwana.

"Tikulungire akudawa, Shyreen."

Lucinda anayang'ana pansi kuti nkhope isamuulule. Mtima unkavina.

Shyreen anayang'ana pepala la mapilya lili patebulo. Anayang'ana Lucinda. Nthawi yaitali. Kenako anamwetulira, kumwetulira kwina, kosakhala kwa ogula.

"Tochi yanu ili ndi mwayi, mulamu. Imaganiziridwa."

Anatenga makina akudawo, anakanikiza m'mbali ndi chikhadabo. Munatuluka kanthu kabuluu, kochepa ngati sitampa. Anakaonetsa, anakabwezera. M'kabati anatulutsa kena kofanana.

"Aka ndi kakadi. Zithunzi zonse zimagona umu. Ndikupatsani tiwiri, kena kazikhala m'kamera, kena kali paulendo. Musakanyowetse. Musakapatse wa shapa, kasowera m'thumba mwake. Ndiye monga tinapangana, amuna anga. Muzibwera nako Lachinayi. Lachisanu ndikamapita ku Katete kukaoda katundu, ndizikatsukitsa. Loweruka muzidzatenga zithunzi."

"Eya," anatero Fernando. "Lachinayi ndi Loweruka."

Lucinda anadzutsa mutu. "Munapangana liti?"

"Paukwati tinakumana uja. Sindinakuuze? Ku Tete n'kutali, amake Milton. Katete ndi apa."

Kawiri pa sabata. Tsiku lonse wakhala akulimbana ndi magetsi. Za pepala sanaganizeko. Anthu sapachika kagalasi pakhoma. Amafuna chithunzi chogwirika, choika m'Baibulo, chotumiza ku Joni. Asiliva kaya akuda, njira inali yomweyi.

Shyreen anatambasula dzanja, kakadi kachiwiri kali pachikhatho, kulunjika kwa Fernando. Lucinda anafika msanga. Anakatola.

"Bambo a Milton ali ndi ntchito yojambula. Sangamathere masiku pamsewu, Teodoro akutenga anthu. Ndizibwera ine."

"Iwe?" Fernando anadabwa. "Zitunda zonse zija? Nanga kumunda? Nanga mvula ikayamba?"

"Miyendo ndili nayo."

"Kawiri pa sabata, amake Milton."

"Ndamva. Sindine wogontha."

Fernando anayang'ana Shyreen, ngati kupempha thandizo. Shyreen anangokweza mapewa. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba.

"Amuna anga, andilanda inu masanasana. Chabwino. Lachinayi, mkazi mnzanga. Muzibwera ndi nkhani, pano pamasungulumwitsa."

"Lachinayi, alamu."

Fernando anali atabwerera kale ku makina ake, akufufuza mabatani. Lucinda anaika kakadi pangodya ya chitenje. Kanali kopepuka ngati palibe. Anaganiza za zitunda, za matope a mwezi wa Janeiro, za milomo yofiirayo imene aziiona kuposa nkhope ya mayi ake omubala. Anamanga mfundo. Anaikoka ndi mano, n'kumanganso yachiwiri.